Makina akayamba kuyankha foni mu Blantyre

Aliyense wokhala mu Blantyre amene ali ndi foni amawadziwa mawu aja a mayi wosatopa: kuti mumve m'Chichewa dinani 1, kuti mudziwe za akaunti yanu dinani 2, kuti mulankhule ndi mmodzi wa ogwira ntchito athu dikirani. Kenako kanyimbo. Wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe amapanikiza foni pakati pa khutu ndi phewa, manja ali pa belo, kanyimbo kakungobwerezabwereza mpaka kasitomala wina atamusokoneza. Mawu amenewo anajambulidwa kalekale. Samva chimene munthu akunena. Amangozindikira batani limene ladinidwa, basi.

Zimene zikubwera tsopano ndi zina. Ndi makina amene amamva zolankhula za munthu, n'kuganizira choyankha, n'kuyankha ndi mawu oti ukapanda kutchera khutu ungati ndi mtsikana wa mu ofesi. Amathanso kuimba okha foni kwa anthu zikwizikwi m'mawa umodzi. M'chaka cha 2018 kampani ya Google inaonetsa poyera pulogalamu yake ya Duplex ikuimbira malo okonzera tsitsi ku America n'kupangana nawo tsiku ndi ola, ndipo dziko linadabwa. Lero zoterezi zili pamalonda. Makampani monga Vapi, Retell AI ndi ElevenLabs amagulitsa luso limeneli powerengera mphindi, moti wachinyamata wa laputopu amene wangomaliza maphunziro pa MUBAS ku Chichiri angathe kulumikiza zidutswa zake n'kupanga wothandiza wa pa foni wolankhula Chingerezi chosalala sabata isanathe.

Ine ndikuona kuti luso limeneli lifika ndithu pa Victoria Avenue ndi pa Henderson Street, kumene kuli mabanki ndi makampani a inshuwalansi, ndipo likhoza kutithandiza kwambiri. Koma nkhawa yanga ndi yakuti ogula adzakopeka ndi kukoma kwa mawu, pomwe mawuwo ndi kachigawo kakang'ono ka ntchito yonse. Chachikulu chili kuseri: munthu akamaliza kulankhula, nkhani yake imapita kuti, amaigwira ndani, ndipo wodandaulayo adzadziwa bwanji kuti yatheka?

Tiyeni tilowe kaye m'kati mwa makinawo. Foni ikalira, mawu a woimba amadutsa pa netiweki ya TNM kapena Airtel n'kukalowa pa intaneti. Kumeneko pulogalamu yoyamba imasandutsa zolankhula kukhala zolembedwa. Yachiwiri, imene ndi mtundu umodzi ndi ChatGPT, imawerenga zolembedwazo pamodzi ndi malangizo amene eni kampani anailembera, n'kukonza yankho. Yachitatu imasandutsa yankholo kukhala mawu omveka. Zonsezi ziyenera kuchitika m'kuphethira kwa diso, chifukwa pa foni munthu akamva zii kwa masekondi awiri amayamba kufuula kuti “Halo? Halo?” kenako n'kudula. Kwa ife vutoli ndi lalikulupo, popeza makompyuta ochita ntchitoyi ali kutali, ku Ulaya, ku America kapena ku South Africa, ndipo nthambo zathu za intaneti zimayamba zadutsa ku Tanzania kapena ku Mozambique zisanafike kunyanja.

Ndiye pali gawo lachinayi, limene amisiri amalimanga ndi zida monga n8n, Make kapena Zapier, ena n'kulemba okha mapulogalamu. Apa m'pamene pamalembedwa ndondomeko ya chochitika chilichonse. Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Bangwe waimba kunena kuti paipi yaphulika pafupi ndi nyumba yake. Ndondomeko yabwino imafuna kuti makina afunse nambala ya mita, akaifufuze m'kaundula wa makasitomala, alembe dandaulo, alitumize kwa kapitawo wa dera limenelo, kenako atumizire mayiyo uthenga wa pa foni wokhala ndi nambala ya dandaulo lake. Pakadutsa maola angapo popanda wogwirapo, nkhaniyo ikwere yokha kwa bwana wamkulu. Amisiri akanena kuti akonza, makina aimbirenso mayi uja kumufunsa ngati madzi asiyadi kutayika. Chimodzi mwa zimenezi chikasowa, ndiye kuti kampani yangolemba ganyu mlonda waulemu wapageti, wopereka moni bwino kwa aliyense koma wopanda kiyi wa chitseko chilichonse.

Malawi si mlendo pa nkhani yotumikira anthu pa foni, ndipo phunziro lalikulu tili nalo kale kunyumba. Mu 2011 ku Balaka kunayambika Chipatala Cha Pa Foni, pansi pa bungwe la VillageReach mogwirizana ndi Concern Worldwide komanso Unduna wa Zaumoyo. Maganizo ake anachokera kwa Amalawi awiri, Soyapi Mumba, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta, ndi Clement Mwazambumba, amene anapambana pa mpikisano wofuna nzeru zopulumutsira amayi ndi ana. Poyamba ntchitoyi inkakhudza amayi oyembekezera ndi ana aang'ono okha. Pambuyo pake Airtel inalowapo, nambala 54747 inakhala yaulere kwa makasitomala ake, nkhani zonse za umoyo zinayamba kulandiridwa, ndipo pofika 2018 ntchitoyi inali itafalikira dziko lonse. Kenako boma linaitenga kukhala yake. Pa nthawi ya Covid-19 nambala imeneyi inali imodzi mwa zimene zinkalengezedwa pa wailesi.

Chimene chimandigwira mtima pa Chipatala Cha Pa Foni si foniyo ayi, koma mmene anagawira ntchito. Makina ankachita zobwerezabwereza: kusunga mbiri ya woimba, kuwerenga masabata a pakati, kutumiza uthenga wolembedwa kapena wa mawu wogwirizana ndi msinkhu wa mimba kapena wa mwana. Pa kompyuta ya wolandira foni pankatuluka mafunso omutsogolera kuti asaiwale zizindikiro zoopsa. Koma wolankhula ndi mayi wodwala anali munthu wophunzitsidwa za umoyo, namwino ali pafupi, ndipo pakamveka chizindikiro choopsa, monga kutaya magazi kapena mwana kukomoka, nkhani inali imodzi: pitani kuchipatala msanga. Anthu amene anakonza zimenezi anayamba alemba njira yonse imene wodwala adzadutse, luso la makina linabwera pambuyo kudzatumikira njirayo. Aliyense wofuna kuika makina olankhula a AI pa foni mu Blantyre ayenera kuyambira pomwepo.

Palinso nambala 321, imene inayamba pa Airtel mu 2014 ndipo lero imayendetsedwa ndi Viamo. Munthu amaimba n'kumadina mabatani kuti amve za ulimi, zaumoyo kapena zanyengo m'chilankhulo chake, ngakhale foni yake ikhale yamabatani yopanda intaneti. A Viamo omwewo anayesa ku Zambia njira yoti woimba azingofunsa funso lililonse ndi pakamwa, AI n'kumuyankha ndi mawu. Kuno kwathu, mu 2024, bungwe la Opportunity International linayesa pulogalamu ya Ulangizi m'midzi yozungulira Lilongwe. Imagwira pa WhatsApp, imalandira mafunso m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo mayankho ake imatenga m'buku la malangizo a ulimi la Unduna wa Zamalimidwe. Taonani zinthu ziwiri pamenepo. Makinawo sanaloledwe kuyankha zam'mutu mwawo, anawamangirira ku buku lodalirika. Ndipo popeza alimi ambiri alibe mafoni amakono, pakati pa makina ndi mlimi panaikidwa munthu wonyamula foni, woyenda nayo m'magulu a alimi.

Tsopano tifike pa chilankhulo, pamene ogulitsa ambiri amadutsapo mothamanga. Pulogalamu yotchuka yomvera mawu ya Whisper, imene OpenAI inatulutsa mu 2022, ili ndi zilankhulo pafupifupi 100. Chiswahili chilimo, Chishona chilimo, koma Chichewa mulibe. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, koma kumasulira zolembedwa n'kosiyana ndi kumva munthu akulankhula pa depoti ya Wenela, mahutala a minibasi akulira ndipo oitanira akukuwa. Mu 2023 kampani ya Meta inatulutsa luso lomva zilankhulo zoposa 1,100, ndipo mawu ambiri ophunzitsira makinawo inawatenga ku zojambulidwa za anthu owerenga Baibulo. Ndi ntchito yotamandika. Komabe wowerenga Malemba amalankhula mwadongosolo, m'chipinda chopanda phokoso, ndi Chichewa choyera. Munthu wa ku Ndirande amene ndalama zake zasowa pa foni salankhula choncho. Amayamba m'Chichewa, ndalama n'kuitchula m'Chingerezi kuti faifi sauzande, nambala ya foni n'kuiwerenganso m'Chingerezi mothamanga, n'kuponyamo mawu a achinyamata amene sanalowe m'buku lililonse. Ku Limbe uwonjezerepo katchulidwe ka munthu amene kwawo amalankhula Chiyao, Chilomwe kapena Chisena. Makina akalakwitsa chilembo chimodzi m'nkhani wamba, palibe chaonongeka. Akalakwitsa nambala imodzi ya mita kapena ya akaunti, mayunitsi a magetsi apita kunyumba ya eni ake. Choncho ndondomeko yanzeru siyenera kudalira khutu la makina pa manambala: woimba awadine pa mabatani, makina awawerenge mobwereza, mwini wake avomere.

Ntchito yosonkhanitsa Chichewa chophunzitsira makina ilipo, ngakhale ikadali yochepa. Pa MUBAS pali Kuyesera AI Lab, yotsogozedwa ndi Dr Amelia Taylor, imene yagwirapo ntchito yosonkhanitsa ndi kusanja zolembedwa za Chichewa. Ku Thyolo, yunivesite ya MUST inatsegula malo ophunzirira za AI mu 2023. Ku University of Zambia akatswiri anajambula mawu a Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi pa ntchito yotchedwa Zambezi Voice. Koma nkhokwe yaikulu ya Chichewa chenicheni cha pa foni ili m'makampani omwe akhala akujambula zokambirana ndi makasitomala awo kwa zaka zambiri. Mawu amenewo ndi a anthu, ndipo m'katimo muli mayina, ngongole ndi matenda awo. Asanagwiritsidwe ntchito pophunzitsa makina alionse, makamaka a kunja, eni mawuwo ayenera kufunsidwa.

Ulemu nawonso ndi mbali ya ndondomeko. Kuno munthu sayamba nkhani asanapereke moni, ndipo wamkulu samutchula kuti iwe. Makina ophunzitsidwa ndi Chingerezi, chimene sichisiyanitsa iwe ndi inu, akhoza kufunsa agogo a ku Chilomoni kuti “Ukufuna chiyani?” ndipo agogowo sadzaimbanso. Akuluakulu ambiri amayamba ndi mbiri ya vuto, kuti linayamba liti ndipo anauzapo ndani, mfundo yeniyeni n'kubwera kumapeto. Makina opangidwa kuti azidula munthu akangopuma pang'ono adzaoneka amwano.

Nanga malo? Ku Sunnyside, ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe misewu ili ndi mayina ndipo mapuloti ali ndi manambala. Ku Mbayani, ku Chirimba, ku Kachere kapena kumtunda kwa Ndirande munthu amalozera kuti mutsike pa siteji, mudutse chigayo, mukhote kuseri kwa tchalitchi, nyumba ya geti lobiriwira. Fomu yokakamiza dzina la msewu idzamutaya munthu ameneyu pa funso lachiwiri. Yofunika ndi imene imalandira kulozera koteroko mmene kulili n'kukupereka kwa dalaivala kapena mmisiri wodziwa deralo. N'chimodzimodzi ndi mayunitsi a foni. Anthu ambiri amangoflasha poyembekeza kuti winayo awaimbire. Ndondomeko yodziwa Blantyre iyenera kuona kuflasha ngati pempho, makina n'kuimbira munthuyo pa mtengo wa kampani.

Kuyankha foni n'kosavuta tikayerekeza ndi kuimbira anthu. Apa m'pamene mtima wanga umagunda kwambiri. Mabungwe obwereketsa ndalama adzafuna makina okumbutsa ngongole. Masukulu olipira adzafuna okumbutsa fizi. Zipatala zidzafuna okumbutsa tsiku la sikelo kapena lokatenga mankhwala. Zonsezi n'zothandiza, koma m'nyumba zambiri foni ndi imodzi, kapena nambala imene mayi analembetsa kuchipatala ndi ya mwamuna wake, ya mchimwene wake kapena ya woyandikana naye nyumba. Namwino akaimba n'kumva mawu achilendo amadziwa kubweza lilime. Makina osalangizidwa bwino adzangoyamba kunena kuti tsiku lokatenga ma ARV lakwana, kapena kuti ngongole imene mayi anatenga mwamuna wake asakudziwa yapitirira tsiku. Banja likhoza kupasuka ndi foni ya masekondi 30. Lamulo loyamba m'ndondomeko yotere likhale lakuti makina asatchule chilichonse chachinsinsi mpaka atatsimikiza kuti wolankhula naye ndi mwini nkhani, ndipo polembetsa munthu afunsidwe ngati akufuna kuimbiridwa, pa nambala iti ndi nthawi yanji. Payeneranso kukhala malire. Makina satopa ndipo sachita manyazi, moti popanda wowaletsa angaimbire wangongole kakhumi pa tsiku, ngakhale ali pamaliro.

Ndiye pali chikhulupiriro, chimene mu mzinda muno chinaonongeka kale. Ndani sanalandirepo foni kapena uthenga wonena kuti ndatumiza ndalama molakwika, chonde ndibwezereni? Kapena wa munthu wodzitcha wogwira ntchito ku kampani ya mafoni, wofuna nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money? Kalembera wa manambala a foni pogwiritsa ntchito chiphaso cha unzika, amene anachitika mu 2018, sanathetse vutoli, ndipo apolisi ndi bungwe loyang'anira zamafoni la MACRA akhala akunena kuti zambiri mwa foni zachinyengozi zimachokera m'ndende, makamaka ya Zomba. Amalawi aphunzira, movutikira, kukayikira nambala yachilendo. Luso lomwe limapanga mawu okoma a banki lingathenso kutengera mawu a mwana wanu amene ali ku Johannesburg n'kukupemphani ndalama usiku. Ku America, mu January 2024, anthu a ku New Hampshire analandira mafoni a mawu onamizira Purezidenti Joe Biden owauza kuti asakavote, ndipo mwezi wotsatira bungwe loyang'anira zamafoni la FCC linagamula kuti mawu opangidwa ndi AI ali pansi pa lamulo loletsa mafoni a makina oimbidwa popanda chilolezo.

Kuno tili ndi lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti ndi chitetezo chake, komanso lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, limene linapatsa MACRA udindo woyang'anira nkhaniyi. Maziko alipo. Chimene ndingapemphe n'chakuti pakhale malangizo omveka a mafoni a makina okha: makina azidziulula pa chiganizo choyamba kuti si munthu, aziimba ndi nambala yaifupi yodziwika imene kasitomala angaitsimikize, asafunse nambala yachinsinsi ngakhale zitavuta bwanji, ndipo woimbiridwa akanena kuti ndikufuna munthu, apatsidwe munthu. Mfundo yomalizayi ndi imene makampani ofuna kupulumutsa ndalama adzayese kuibisa pansi pa mabatani asanu ndi awiri.

Sindikufuna kuti owerenga aganize kuti ndikudana ndi lusoli. Ndikakumbukira mwezi wa March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe usiku, ndimadzifunsa kuti zikanakhala bwanji pakanakhala njira yoimbira foni iliyonse ya m'munsi mwa phiri nthawi imodzi, ndi mawu a Chichewa, kunena kuti samukani, sukulu yakuti yatsegulidwa. Uthenga wolembedwa umafika mwakachetechete ndipo si onse amatha kuwerenga. Foni yolira imadzutsa munthu. Miyezi iwiri m'mbuyo mwake, kolera anachititsa boma kuchedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre ndi Lilongwe, ndipo makolo anali ndi mafunso ofanana zikwizikwi: madzi tiwathire mankhwala ochuluka bwanji, wodwala tipite naye kuti? Mafunso oterewa makina angawayankhe usiku wonse, anamwino n'kutsala ndi odwala enieni. Koma ngakhale pamenepa, chenjezo lili ndi phindu pokhapokha wina atakonzeratu kuti wolamula kuti litumizidwe ndani, anthu athawire kuti, ndipo woyankha kuti ndatsekeredwa m'nyumba nkhani yake ifike kwa opulumutsa ati. Netiweki ndi magetsi zikagwa, monga zinachitikira m'madera ambiri nthawi imeneyo, wailesi ndi mafumu a m'madera ndiwo amatsala.

Funso la ntchito silingapewedwe. M'malo olandirira mafoni a makasitomala mumagwira achinyamata ambiri amene ntchito imeneyi ndi yoyamba atachoka ku koleji. Mu 2024 kampani ya ku Sweden ya Klarna inalengeza kuti wothandiza wake wa AI akugwira ntchito yofanana ndi ya anthu 700. Chaka chotsatira mkulu wa kampaniyo anavomereza kuti kuthamangira kutsitsa mtengo kunatsitsanso ubwino wa chithandizo, ndipo anayambanso kufuna anthu. Ku Canada, mu 2024 momwemo, bwalo lina linalamula Air Canada kulipira kasitomala amene anauzidwa zabodza ndi pulogalamu yoyankha mafunso pa tsamba la kampaniyo. Kampaniyo inayesa kunena kuti pulogalamuyo ndiyo inalakwa, koma bwalo linakana. Mabwana a mu Blantyre adziwiretu kuti chimene makina awo alonjeza kasitomala, alonjeza ndi iwo. Achinyamata amene amalandira mafoni lero ndiwo akudziwa mafunso amene anthu amafunsa, mawu amene amagwiritsa ntchito ndi pamene amakwiyira. Kampani yanzeru idzawaika patsogolo polemba ndondomeko, pomvetsera zimene makina ayankha ndi pogwira nkhani zovuta, m'malo mowapatsa makalata owachotsa ntchito.

Pomaliza pake nkhani idzafika pa tebulo la wowerengera ndalama. Mphindi iliyonse ya makinawa imalipiridwa m'madola, pomwe kasitomala amalipira m'makwacha. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki moti ngakhale mafuta a galimoto amavuta. Kampani imene yachotsa olandira mafoni ake onse, tsiku limene yalephera kupeza madola olipirira mwezi umenewo foni zake zidzangolira popanda woyankha. N'chifukwa chake amisiri athu angachite bwino kusakaniza: mabatani ndi mauthenga ojambuliratu pa zinthu zodziwika, monga mmene *444#, *211# ndi *626# zimagwirira ntchito popanda bandulo, AI pa mafunso amene mabatani sangawakwanitse, anthu pa madandaulo, pa matenda ndi pa ndalama zosowa. Ndipo asanasaine pangano ndi wogulitsa aliyense, atenge makinawo apite nawo pa Mibawa kapena mumsika wa Limbe masana a Loweruka, apereke foni yamabatani kwa mayi wogulitsa tomato kuti afotokoze yekha vuto lake, kenako akaone m'kompyuta ya kampani ngati dandaulo lake lafika kwa woyenera, nambala yake ili yolondola.